Ulusi wa Moto Paphiri la Chongoni

Amene anayamba kuchiona chinthucho ndi a Saidi, osati mwini wake wa kamera. Anatuluka m'kachipinda kamdima kuseri kwa sitolo yawo pa Dedza, momwe ankatsukiramo zithunzi, atagwira filimu yonyowa ndi zala ziwiri, n'kuikweza pawindo.

"A Gervazio, kamera yanuyi inagwapo pansi?"

"Ayi. Bwanji?"

"Taonani apa. Mwina ndi kukalika."

Gervazio anayandikira. Pa filimu zinthu zimaoneka mosemphana, chowala chimada ndipo chakuda chimayera, choncho phiri la Chongoni linali mbee ngati ufa, nyenyezi zili timizere takuda pamwamba pake. Koma m'kati mwa phirilo, pamene panayenera kukhala popanda kanthu, panali kaulusi kakuda kokhotakhota, koyambira m'tsinde n'kukwera cha kumanzere mpaka pansi pa matanthwe. A Saidi anapalasa filimuyo ndi chikhadabo mbali zonse ziwiri, osamva pokalika.

"Kukalika kumayenda mowongoka," anatero iwo. "Ichi chikuyenda ngati munthu."

Gervazio ankagwira ntchito ku nazale ya mitengo ya paini, ndipo ankakhala kuchikamwini m'mudzi wina wa m'tsinde mwa Chongoni ndi mkazi wake Jestina. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Elena, anali atakwatiwa ku Mayani. Kamerayo anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni, ndipo ankajambulira maubatizo ndi maukwati a anansi. Chaka chimenecho, 1978, wansembe wina ku mishoni anamuuza kuti Loweruka lina m'mwezi wa Sepitembala kudzakhala kadamsana, mwezi wathunthu udzalowa mumthunzi wa dziko madzulo anthu asanagone. Kuyambira tsiku limenelo Gervazio sanalankhulenso za china.

Anafunsa a Saidi, omwe anayamba kujambula iye asanamere ndevu, ndipo iwo anamuuza kuti vuto lake ndi lakuti mwezi wa usiku umenewo udzakhala miyezi iwiri. Ukadali wowala umafuna kabowo ka lenzi kochepetsetsa, ndipo kachitseko ka m'kati mwa kamera katseguke n'kutseka msanga monga mmene amajambulira masana. Koma ukalowa mumthunzi umazirala kwambiri moti kabowo kayenera kutsegulidwa konse, kagudumu ka liwiro kaikidwe pa chilembo B, kuti kachitseko kakhale kotsegula kufikira mwini wake atakatseka. Pamenepo dzanja lisakhudze kamera. Anamubwereka kachingwe kodinira patali kokhala ndi kasikuluwu komangira, iye n'kudzikhomera choimikira cha miyendo itatu ndi timatabwa ta paini.

"Koma musadikire tsikulo," anatero a Saidi. "Kadamsana sabwereza kuti mwalakwitsa. Yesererani pa zinthu zozirala."

N'chifukwa chake mwezi utangooneka, uli kachikhadabo kumadzulo, Gervazio ankanyamula katundu wake dzuwa likangolowa kupita pa thanthwe lina kuseri kwa mudzi. Wotchi yake sinkaoneka mumdima, ndiye ankayeza nthawi ndi mapemphero. Chithunzi china ankatsegula kwa theka la Tikuoneni Mariya, china kwa pemphero lonse. Mwezi ukalowa kuseri kwa phiri ankamanga kasikuluwu n'kusiya kamera yotsegula mpaka atamaliza kolona, kuti aone mmene filimu imagwirira nyenyezi. Chithunzi chotere ndi chimene chinatuluka ndi kaulusi kaja.

Madzulo a tsiku lomwe anachokera ku Dedza anabwereranso pathanthwepo. Anazunguza lenzi mpaka kumapeto, pa chizindikiro chonga 8 wogona, analozetsa kuphiri, anadina, anamanga. Ulendo uno sanayang'ane kumwamba. Maso ake anali pa phirilo, lomwe linaima bii ngati khoma, lakuda kuposa thambo. Mphepo ya ku Dedza inkabwera mwa apo ndi apo, ikafika m'mapaini imalira ngati madzi akutali, ikaleka n'kumveka agalu a kumudzi ndi mbuzi ina ikutsokomola m'khola. Penapake kumunsi udzu wouma unathetheka, kenako zii. Anayang'anitsitsa mpaka misozi kulengeza. Kamodzi kokha anaganiza kuti waona kadontho kofiira kakuphethira, koma atatikita maso panalibe kanthu, ndipo sanadziwe ngati anali maso ake omwe.

A Saidi ankadula filimu mumdima n'kutsuka kachidutswa kokhako kojambulidwa, kuti yotsalayo isawonongeke. Kachidutswa kachiwiri katatuluka, kaulusi kaja kanalipo, panjira yomweyo. Anasindikiza pa pepala lalikulu. Tsopano phiri linali lakuda, ulusiwo uli woyera, ndipo a Saidi anauyang'ana ndi galasi lokuzira zinthu kwa nthawi yaitali.

"Suli wosalala," anatero. "Uli ndi mfundo ngati mkanda. Apa ukuwala, apa ukuzirala, apa ukuwalanso."

"Ziphaniphani?"

"Mwezi uno, mvula isanagwe? Ndipo chiphaniphani sichitsata njira ya anthu usiku uwiri."

"Ndinali pomwepo, a Saidi. Maso anga sanaone kanthu."

"Diso limaona n'kuiwala. Filimu imaunjika." Anaika galasilo pansi n'kusuzumira kukhomo kwa sitolo, kumene mnzawo wina ankayeza mchere. Anatsitsa mawu. "Ine ndikanakhala inu, ndikanajambula mwezi wokha. Masiku ano munthu wa kamera usiku amafunsidwa mafunso."

Kumudzi nkhani inali itayamba kale. Gervazio, chifukwa cha chidwi, anali atafunsa anzake ku nazale ngati alipo amene amakwera phiri madzulo ndi nyali, ndipo funso limenelo linayenda lokha. Amayi kuchitsime ankati ndi ndege ya afiti yomwe imatera kumapanga. Ena ankati ndi eni ake a zojambula zofiira za m'matanthwe aja, anthu akale omwe palibe akudziwa manda awo, ndipo ankakumbutsana kuti ngakhale osaka mbira sagona m'mapanga amenewo. Mkulu wina anati ndi anthu akuba matabwa, koma anzake anamuseka kuti wakuba matabwa akakwerenji kumene kulibe mitengo.

Kunyumba nako kunali tinthu tosamveka. Jasi lake lakale la ku Joni, lomwe ankafuna kuti azivala pathanthwe, linasowa pamsomali. Jestina anati mwina analipereka kwa mpongozi wawo n'kuiwala. Ufa unkatha msanga ngati m'nyumbamo muli anthu atatu. Usiku wina Gervazio atabwerako anapeza moto wa kukhitchini utazima, mkazi wake atakhala mumdima akupuma ngati wathamanga, ndipo atayatsa koloboyi anaona chisoso chitamatirira m'mphepete monse mwa chitenje chake.

"Munali kuti, mayi a Elena?"

"Mbuzi inathawa."

Iye anavomera. Mutu wake unali kuphiri. Komanso Jestina anali atakhala wosalankhula chiyambire m'nyengo yozizira, pamene mlongo wake Rafaelo anasowa. Rafaelo anali mphunzitsi wa pulaimale. Pamsonkhano wina anafunsa chifukwa chimene mayi wapakati ankagulira makhadi awiri a chipani, lake ndi la mwana wa m'mimba, anthu ochepa n'kuseka. Galimoto ya apolisi itabwera kudzamufuna sinamupeze. Ena ankati anawoloka kupita ku Mozambiki, ena ankati anagwidwa panjira, ndipo m'mudzimo dzina lake linaleka kutchulidwa.

Madzulo ena, Gervazio akuimika kamera, anamva mapazi kumbuyo kwake. Anali Vinsenti, wapampando wa anyamata a chipani m'deralo, mwamuna wamtali wosakonda kuseka, yemwe anaphunzira kalasi imodzi ndi Rafaelo. Anali ndi ndudu ya chingambwe yopichira m'pepala la nyuzi.

"Tamva kuti mukujambula phiri, bambo."

"Ndikujambula mwezi. Phiri langopezeka pansi pake."

"Ndipo mwaonapo chiyani?"

Gervazio sanaone chifukwa chonamira. Anafotokoza za kaulusi kaja. Vinsenti anamvetsera osaphethira, kenako anawerama n'kuyamba kufunsa za kamerayo: kachingweka n'kachiyani, kasikuluwu kamamasulidwa bwanji, chingachitike n'chiyani munthu ataiwala kutseka mwezi n'kuwalanso. Gervazio anamuonetsa zonse, ndipo mantha anamuchokera pang'ono, chifukwa anali asanapeze munthu wina m'mudzimo wofunsa mafunso otere.

"Ukaiwala kutseka, kuwala kumadzaza filimu yonse, chithunzi chimapsa," anamaliza motero.

Vinsenti anagwedeza mutu. "Zithunzi za phirizo musamaonetse anthu. Zikuopseza amayi." Anaponda ndudu yake n'kumapita.

Mwezi unakula. Unayamba kuwala madzulo onse moti munthu ankatha kuwerenga mbuzi m'khola ali pakhomo, ndipo dambo louma la pakati pa mudzi ndi phiri linkaoneka mbee, galu akadutsa aliyense kumuona. Gervazio anayamba kuyeserera mwezi wowala, kabowo pa 11, kagudumu pa 125, kenako pa 250. Anajambulanso phiri kawiri, koma kuwala kwa mwezi sikunamulole kusiya kamera yotsegula nthawi yaitali, ndipo kaulusi kaja sikanatulukenso. Anakhumudwa ngati munthu amene nkhani yamuthera pakati.

Masiku amenewo ufa unaleka kutha msanga, koma Jestina analeka kudya. Ankayamba ntchito n'kuisiya, ankaima pakhonde n'kumayang'ana mwezi ngati munthu amene wamulakwira. Lachisanu madzulo anafunsa mwamuna wake funso loyamba la kadamsana chiyambire.

"Bambo a Elena, mawa mwati mwezi uzima?"

"Suzima wonse. Ufiira ngati khala lotsala pang'ono kutha."

"Koma kuda kuda?"

"Ngati usiku wopanda mwezi."

"Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Abambo mfumu a ku mishoni ati kupitirira ola." Anasangalala kuti mkazi wake wachita chidwi. "Mubwere mudzaone."

"Ine ndimaopa. Ndidzakhala m'nyumba."

Loweruka thambo linali loyera, utsi wa malupsa wokha uli m'munsi. Mwezi unatuluka waukulu, wachikasu, ndipo anthu atangomaliza kudya mbali yake ya kumunsi inayamba kudyeka. Anthu angapo omwe anabwera pathanthwe anaonera poyamba akucheza, koma mthunzi utafika pakati macheza anachepa, amayi anayamba kuitana ana, ndipo mmodzimmodzi anatsika kukatseka zitseko. Gervazio anatsala yekha. Zala zake zinkachita zomwe anaziphunzitsa: mwezi ukacheperako, iye n'kukulitsa kabowo, n'kuchedwetsa kachitseko. Kachidutswa kowala komaliza katazima, nyenyezi zinatuluka zonse nthawi imodzi, atambala ena kumudzi analira mosokonezeka, ndipo mweziwo unapachikika pamenepo wofiira ngati mphika wa dothi wongowotcha kumene. Anaika kagudumu pa B. Anajambula chimodzi kwa theka la Tikuoneni Mariya.

Kenako anamva udzu kuthetheka kumbuyo kwake, kudambo.

Anatembenuka. Phiri linali litabwerera mumdima wake wakale. Sanaone moto uliwonse, koma mapazi ankamveka bwino, ofulumira, olunjika kumatanthwe. Anayang'ana mwezi umene anaudikira miyezi yonseyi, anayang'ananso phiri. Anadina kachingwe, anamanga kasikuluwu kuti kamera ipitirize yokha, akudziuza kuti abwerako posachedwa, n'kutsika.

Njirayo ankaidziwa pamtima chifukwa cha kuyang'ana chithunzi chija: kuwoloka dambo, kukhota pa mkuyu, kukwera cha kumanzere. Mitengo inamukwapula kumaso. Mapazi aja ankamveka patsogolo, akaima iye n'kuima. Atafika pansi pa matanthwe anamva kunong'ona, ndipo mawu ake anali a munthu amene amagona naye mphasa imodzi.

"Rafaelo, dzuka, tiye. Kwada, koma sikukhalitsa."

Gervazio anaponda mwala n'kugubuduka. Kunong'ona kunaleka.

"Ndine, mayi a Elena."

 Kenako pakhomo pa phanga panatuluka munthu wowonda, wa ndevu zambiri, atavala jasi la ku Joni, akugwira thanthwe kuti asagwe.

"Alamu," anatero Rafaelo.

Jestina sanapepese. Anafotokoza mwachangu, akumanga kamtolo ka mbatata zophika, kuti mlongo wake anabinya mwendo usiku womwe ankathawa ndipo sanathe kufika kumalire, kuti wakhala akumubweretsera chakudya masiku opanda mwezi, kuti sabata yonseyi dambo linali lowala ndipo Rafaelo wakhala ndi chimanga chokazinga chokha. Mwendo tsopano unali utapola. Akangowoloka dambo ndi msewu waukulu mdimawu usanathe, kwinako ndi tchire lokhalokha.

"Mukanandiuza," anatero Gervazio.

"Inu mumafunsa aliyense chilichonse, bambo a Elena. Funso lanu lija la nyali linatsala pang'ono kutiphetsa."

Gervazio anakumbukira chithunzi chija. "Ndiye moto unali wanu. Munkanyamula khala m'phale?"

"Moto wanji? Munthu wobisala angayende ndi moto? Ine ndinkayenda chopapasa, ngakhale machesi sindinatengepo."

"Koma filimu inagwira moto. Kuchokera kudambo mpaka pano. Wowala, wozirala, wowalanso."

 Mphepo inadutsa m'matanthwe n'kuleka. Kenako Rafaelo analankhula monong'ona kwambiri.

"Achemwali akachoka, kumabwera munthu. Amakhala pamwala uwo. Salankhula, salowa. Ndimangomva fungo la fodya, ndiyeno patapita nthawi amatsika. Masiku a mwezi ano ankabwerabe, ndipo kawiri ndinapeza chinangwa chootcha pakhomo." Anatembenukira kwa Gervazio. "Ine ndimayesa ndinu, alamu. Ndimati mukudziwa koma simukufuna kuti ndikuoneni."

"Ine sindisuta."

Jestina anayang'ana kumwala kuja. Panalibe munthu. Anagwira mlongo wake pamkono. "Tiyeni."

Anatsika atamuika pakati. Pa dambo anayenda akuwerama, mwezi wofiira uli pamwamba pa mudzi, nyumba zonse zili zotseka, ndipo Gervazio ankamva msana wake wonse ukudikira mawu oti imani. Kawiri anaganiza kuti wamva mapazi a munthu wachinayi, koma akaima ankangomva mtima wake. Atafika m'mphepete mwa msewu, mbali imodzi ya mwezi inang'anima ngati mpeni, ndipo mithunzi yawo inayamba kuoneka pansi. Rafaelo anagwira manja a mlamu wake ndi manja onse awiri, anayang'ana mchemwali wake, anawoloka phula motsimphina n'kulowa m'tchire.

Pobwerera kunja kunali kutayera ndi mwezi. Gervazio anakumbukira kamera yake atafika kale pakati pa dambo, ndipo anadziwa kuti chithunzi chija chapsa. Anauza mkazi wake kuti apite kunyumba, koma Jestina anakana kuyenda yekha, ndiye anakwera pathanthwe onse awiri.

Kamera inali pamalo pake. Koma kasikuluwu kanali katamasulidwa, kachitseko katatseka, ndipo chivundikiro cha lenzi, chomwe iye anachisiya pansi pamwala, chinali chitabwezeredwa bwinobwino. Jestina anakoka mpweya ndi mphuno, n'kumugwira malaya. Fungo la chingambwe linali lisanathe.

Lolemba Gervazio ataweruka anapalasa njinga kupita ku Dedza. Asananene za filimu yatsopano anapempha a Saidi kuti amupatse zidutswa zonse za phiri ndi pepala lalikulu lija. A Saidi sanafunse. Anatenga lumo, anaziduladula okha n'kuziponya pa mbaula ya makala yomwe ankaothera, ndipo anaima onse awiri mpaka zitapsa. Kenako analowa m'kachipinda kamdima.

Atatuluka anali akumwetulira. Zithunzi za mwezi ukudyeka zinali zabwino, cha theka la pemphero chinali chozirala koma chooneka. Chomaliza ndicho anachikweza pawindo. Mwezi unali utayenda pa filimu n'kusiya mzere wautali wotuwa, wosalala ngati utsi, nyenyezi zikuyenda nawo m'mbali, ndipo kumapeto kwenikweni kwa mzerewo kunali kadontho kamodzi kakuda bii, pamene kuwala kunayambira kubwerera. Pamenepo chithunzi chinathera.

"Ichi sindinakuphunzitseni ine," anatero a Saidi. "Mukanachedwa pang'ono pokha chikanapsa chonse. Munadziwa bwanji potsekera?"

Gervazio anayang'anitsitsa kadonthoko.

Sabata imeneyo anafunsa mochenjera, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, kuti Vinsenti anaonera kuti kadamsana. Anthu atatu osiyana anamuuza kuti Vinsenti anali ku Mayani kumsonkhano chiyambire Lachisanu, ndipo anabwerako Lamulungu masana pa lole ya chimanga. Mmodzi mwa iwo anakwera naye loleyo. Vinsenti mwini wake akakumana ndi Gervazio panjira ankapereka moni monga kale, osawonjeza, osachepetsa.

Galimoto ya apolisi ija sinabwerenso. Mvula yoyamba itagwa, mayi wina wogulitsa nyemba wochokera kutsidya kwa malire anauza Jestina pamsika kuti kwawoko kwafika mphunzitsi wotsimphina amene akuphunzitsa ana pansi pa mtengo. Jestina anagula nyemba zomwe sankazifuna, anabwera kunyumba n'kudya bwino kwa nthawi yoyamba.

Koma madzulo mwezi ukasowa ankatseka chitseko dzuwa likangolowa. Gervazio ankatsala pakhonde kanthawi, kamera ili m'bokosi pansi pa bedi, akuyang'ana kumene kuli phiri. Ankadziwa kuti akanangoiimika n'kunena kolona imodzi akanadziwa ngati pakadali woyenda panjira ija. Usiku wina anafika poitulutsa m'bokosimo. Jestina anamuyang'ana ali pamphasa.

"Mukapezapo kanthu, mutani nako?"

Gervazio anakhala nayo pamiyendo kwa nthawi yaitali, chala chili pa kagudumu. Kenako anaibwezera, n'kuzimitsa koloboyi.